Iwe wa Pakhomo ndi Iwe wa Paphiri

Tsiku limene anatilandira kumudzi titamaliza maphunziro a usilikali, pabwalo la kwathu kufupi ndi Champiti panali anthu awa: amayi anga ondibereka, amene panthawiyo maso awo anali atayamba kuchita khungu, alongo anga aakulu, achisamba m'mimba mwathu, akazi awo, amene ndi alamu anga, amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anabwera kuchokera ku Sharpevale, ana anga awiri, ndi mwana wamkazi wa alongo angawo, amene ine ndine azakhali ake. Bambo athu anali atatisiya kale, chimodzimodzinso amuna anga. Anansi ndi a kumpingo analipo ambiri, koma sindiwawerengera, pakuti nkhaniyi ndi ya pachibale.

Ndayamba ndi kutchula amenewa chifukwa onsewo anaona ndi kumva zimene zinachitika, komabe nkhani imene yatsala m'banja mwathu ndi ina. Amati adokotala anabereka azakhali awo kumsana mpaka kumaliza maphunziro. Ndinamva mdzukulu wina akuifotokoza motero pamaliro, ine ndili pomwepo, ndipo amene ankamvetsera anagwedeza mitu. Adokotalawo ndi mwana wa alongo anga uja. Azakhaliwo ndine. Ndikulemba kuti ndiwongole.

Ine ndine mzime kwathu. Pamene alongo anga ankaona mwana wawo woyamba, ndinali kamtsikana ka kupulayimale, ndipo ntchito yolera inagwera ine. Ndinkamubereka ndi nsalu popita kumunda wa kachewere, ndinkamutafunira mbatata, ndipo msana wanga anaunyowetsa kosawerengeka. Kwathu azakhali si munthu wamba. Ndi bambo wovala nsalu. Mwana sawapatsa chinthu ndi dzanja limodzi, salankhula nawo ali chiimire, ndipo sawatchula kuti iwe. Akatero pamaso pa anthu, amalipa nkhuku. Mwanayo anakula akudziwa zimenezi, ndipo sindinganame kuti anali wamwano. Chimene ndinali nacho pa iye chinali ukulu umenewu. Zina zonse anandiposa: nzeru za m'kalasi, msinkhu, ngakhale mano.

Bambo athu anali msilikali wa nthawi ya atsamunda. Chimene anabwera nacho kunkhondo chinali chifuwa chosatha ndi lamba wachikopa wa chitsulo chonyezimira pakutsogolo. Ana onse ankamuopa lambayo, koma ine ndinkamupukuta ndi phulusa ndi ndimu Loweruka lililonse, bambo atakhala pakhonde akundiyang'ana. Kawirikawiri ankanena kuti ndikanabadwa mwamuna, ndikanawalowa m'malo. Bambo atamwalira, amayi anamupinda lambayo namuika m'bokosi lawo la nsalu.

Ndinamaliza sekondale, ndinakwatiwa, ndipo ndinagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo ku Kasinje, kuyeza ana pasikelo ndi kuyenda m'midzi kuona zimbudzi. Amuna anga atamwalira, ndinasiya ana kwa amayi n'kupita kusukulu ya unamwino, kumene ndinali wamkulu kuposa onse m'kalasi. Ndinangoti ndamaliza, wailesi inalengeza kuti gulu lankhondo, limene linali litayamba kulandira akazi m'zaka zimenezo za zipani zambiri, likufuna anthu a zachipatala. Ndine ndinamva chilengezocho. Ndinapita kwa alongo anga kukawauza maganizo anga, monga kuyenera, ndipo ndinapeza mwana wawo ali pakhomo, atangomaliza kumene maphunziro a udokotala. Anali pamkeka akusenda mbatata. Anamvetsera, anaseka, nati bwanji nayenso ayese. Chinthu chimene ine ndinachisunga mumtima kuyambira masiku a phulusa ndi ndimu, iye anachiganiza pakati pa mbatata imodzi ndi inzake. Anatitenga tonse awiri.

Potsanzikana, alongo anga anamuitana mwanayo pamaso panga. "Kumeneko azakhali akowa ndiwo bambo ako," anatero. "Uziwamvera."

Msasa wa maphunziro unali kuchigwa, kumene dzuwa limatuluka litapsa kale. Ife a kumapiri tinayamba kuvutika tisanachite kanthu. Anatimeta mpala. Anatipatsa jombo zolemera ndi mathalauzi, ndipo ine, mayi wa ana awiri, ndinavala thalauzi koyamba m'moyo wanga. Ndinkangofuna nsalu yokulunga pamwamba. Mwana wa alongo anga anali atazolowera kale kukoleji, ndipo yunifolomu inamukhala ngati anamuyeza telala. M'gulu lathu tinali anamwino, madokotala ochepa, osakaniza mankhwala ndi oyeza magazi, amuna ndi akazi. Tinabwera tikudziona ngati anthu ophunzira. Sajeni amene anatipatsidwa, munthu wamfupi wa mawu okhala ngati chitseko cha malata, anatiuza tsiku loyamba kuti mapepala athu tikawaonetse udzudzu. Anati wovulala kunkhondo sabwera yekha kudzakhala pabenchi, ndipo amene sangathe kukwawa ndi mfuti kukamufika si namwino koma katundu.

Chovuta kwa ine sichinali kuthamanga kokha. Ndinaleredwa kuti wamkulu akamalankhula uziyang'ana pansi ndi kupinda mawondo. Kumeneko kuyang'ana pansi unali mlandu. Ankafuna uimirire njo, chifuwa patsogolo, maso m'maso mwa munthu. Thupi langa linkakana lokha. Sajeni akandiitana, mawondo ankayamba kupinda ndisanawakumbutse.

Ubale wathu sitinaubise, koma sitinaulengezenso. Unadziwika pa chakudya. Mwanayo anandibweretsera kapu ya tiyi, anaigwira ndi manja awiri, anapinda pang'ono nati, "Azakhali, landirani." Sajeni anali kumbuyo kwathu.

"Kodi pano pali chinkhoswe?" anafunsa. "Azakhali a ndani?"

Mwanayo anayankha kuti ake.

"Kuno azakhali ndine. Amalume ndine. Agogo ako aakazi ndine ndemwe."

Kuyambira tsiku limenelo, sajeni ankatchula aliyense kuti iwe, kupatula ine. Ine ndinali "inu azakhali". Pa perete ankayandikira mwaulemu wonse, manja kumbuyo, n'kunena motsitsa mawu kuti azakhali pepanitu, tatukulaniko mwendowo pang'ono ngati sikukuvutitsani. Tikamathamanga m'mawa ine ndili kumapeto, ankafunsa ngati andiitanire njinga ya kabaza. Anzanga ankaseka mosatsegula pakamwa. Ulemu umene ndinakula ndikuufuna unasanduka chikwapu, ndipo ndinayamba kusirira iwe wa anzanga. Amene ankatchedwa iwe anali m'gulu. Ine ndinali mlendo wodikira basi.

Mwana wa alongo anga anali ngati gwape. Ankakwera chingwe ine ndikadali kuyang'ana pogwira. Pa kuwombera, zipolopolo zake zinkagwera malo amodzi. Mapu ankawawerenga ngati kalata ya kwawo. Akuluakulu akabwera kudzayendera, ankaima pa iye n'kufunsa kuti kwawo n'kuti, ndipo akamva kuti ku Ntcheu, ankati magazi a nkhondo sanama. Ine ndinali mumzere womwewo, wa ku Ntcheu komweko, mwana weniweni wa mwini lamba, koma palibe anandifunsa. Madzulo anzathu ankabwera ndi matuza, mapazi osupuka, ndi mawondo otupa, onse akufuna adokotala. Iye ankayang'ana, n'kunena chochita, ndipo ankanena zoona. Amene ankagwada kutsuka mapaziwo ndi kumanga mabandeji ndinali ine. Akamachoka ankati zikomo adokotala.

Pophunzira kunyamula ovulala pamachira, ankasankha wina woti akhale wovulala, n'kumupaka utoto wofiira. Sajeni ankakonda kusankha ine, ati azakhali apumuleko. Ndinkagona pamachira ndikuyang'ana kumwamba, ndikumva mawu a mwanayo akulamula kuti uyu ayambe, uyu adikire, uyu mumangeni mwendo. Mawu ake sankanjenjemera. Ndinkadzifunsa kumene anawatenga, pakuti kwathu akazi sitilankhula motero.

Panali lamulo lakuti kadeti aliyense azilandira tsiku lotsogolera gulu. Tsiku la mwana wa alongo anga litafika, tinafola padzuwa, ndipo ine ndinali nditatulukira pang'ono pamzere. Anandiyang'ana nati, "Azakhali, tabwererani m'mbuyo pang'ono." Sajeni anamwetulira ngati munthu amene wapeza ndiwo. Analamula kuti gulu lonse lidumphe ngati achule mpaka mtsogoleri ataphunzira kulamula. Tinayamba kudumpha. Mwanayo anayesa m'Chingerezi, sajeni anakana, nati alankhule chinenero cha amayi ake. Anayesa kuti kadeti bwererani, sajeni anakananso. Fumbi linali litadzaza m'kamwa, ndipo mkazi wina woyeza magazi anali atayamba kusanza. Ndinaona mwanayo akumeza malovu.

"Iwe! Bwerera m'mbuyo!"

Mawuwo anakagunda khoma la nyumba yosungira mfuti n'kubwerera. Ndinabwerera m'mbuyo. Madzulo ake anandipeza pampopi ndikuchapa masokosi, anagwada pamatope, napepesa. Ndinamuuza kuti ndi ntchito, adzuke anthu asamuone. Sindinamuuze chimene chinandipweteka, chimene sichinali liwulo ayi, koma m'mene linamukhalira bwino m'kamwa. Patapita milungu ingapo ankalinena mosameza malovu, ndipo kumpopi anasiya kubwera.

Tsiku langa lotsogolera linafikanso. Patsogolo panga panali amuna a ndevu, ena a msinkhu wanga, ndipo pakamwa panga pankatuluka inu yekhayekha. Mawu anga anali a munthu amene wakhala zaka akutonthoza amayi kusikelo. Sajeni anafunsa ngati ndikuwalamula kapena ndikuwapempha mchere. Ndinaphunzira, koma mochedwa, ngati munthu wophunzira kulemba ndi dzanja lamanzere.

Pakati pa maphunziro anatipatsa masiku ochepa opuma, ndipo tinabwera kumudzi. Inali nyengo yokumba kachewere. Alamu anga anali atauza mudzi wonse kuti mwana wawo ndiye akutsogolera asilikali onse kuchigwa. Kutchalitchi anamuimiritsa kuti anthu amuone. Ine anandipatsa moni wa pakhomo, monga wa munthu amene anapita kuchigayo. Amayi a m'mudzi, amene ana awo ndinawabaya katemera ndi manja angawa, ankandifunsa ngati adokotala ali m'nyumba. Ndinapirira, pakuti ndinkadziwa kuti pakhomo pano ukulu ndi wanga. Ankandipatsabe madzi osamba m'manja atagwada, ndipo ndinkasamba pang'onopang'ono.

M'mawa wa tsiku lobwerera, tinapempha malo pa galimoto ya mwini golosale wa kumsewu, Msilamu amene banja lake limadziwana ndi lathu kuyambira kale. Ankapita kuchigwa ndi matumba a mbatata. Tonse tinali pabwalo: amayi, alongo anga, alamu anga, ndi amalume amene anabwera kudzatiperekeza. Ine ndinali nditawerama ndikulangiza mwana wanga wamng'ono, amene ankalira atagwira thalauzi langa. Galimoto inaliza hutala kumsewu. Mwana wa alongo anga, chikwama chili kale paphewa, anatembenuka.

"Iwe, fulumira, galimoto itisiya."

Iye mwini anagwira pakamwa. Amayi anapendeketsa mutu nafunsa kuti wati chiyani mwanayu. Alongo anga anaseka, nati ndi chisilikali chimenecho, amayi, musadabwe. Alamu anga anawonjezera kuti adokotala azolowera kulamula. Amalume anatsokomola, nayang'ana nkhuku zimene zinkatola nsenjere za chimanga pafupi ndi nkhokwe. Ndinadikira. Panali anthu anayi amene akanatha kutchula mwambo, ndipo panalibe amene anautchula. Azakhali sadziitanira okha nkhuku. Ndinamasula zala za mwana wanga pathalauzi, ndinatsanzika aliyense monga mwa malo ake, n'kupita kumsewu.

M'galimoto tinakhala pamwamba pa matumba. Titadutsa pang'ono anaika dzanja pabondo langa nati pepani azakhali. Ndinamuyankha kuti ndamva. Cholakwa cha pabwalo sichitha ndi pepani wa m'galimoto, ndipo tonse awiri tinkadziwa zimenezo. Ulendo wonse ndinkaganiza kuti kumsasa wandiposa, kutchalitchi wandiposa, ndipo tsopano chimodzi chimene chinali changa chatsala pabwalo paja, nkhuku zikuchipalasa.

Mayeso omaliza anali ulendo wautali wa m'mapiri, aliyense ndi mfuti yake, madzi ake, ndi chikwama chodzaza. Ife a zachipatala anatiwonjezera zomangira mabala ndi mabotolo a madzi a m'mitsempha. Kumbuyo kwathu, kumene kunali msewu, kunkabwera galimoto ya odwala. Lamulo linali lomveka: amene akwere galimotoyo sadzaguba ndi anzake pa tsiku lomaliza maphunziro. Kwa ine, pa msinkhu wanga, panalibe za kudzabwerezanso. Kukwera galimotoyo kunali kubwerera ku Champiti ndi mutu wometedwa, kukaima pabwalo lomwe lija n'kumaombera m'manja mwana amene ndinamutafunira mbatata.

Bondo langa lamanzere linali litatupa kuyambira masiku oyamba a ulendowo. Tsiku lomaliza la ulendowo, pokwera phiri lotsiriza, linali ngati dzungu. Ndinkaponda, moto n'kukwera mpaka m'chiuno. Malamba a chikwama anali atadula mapewa. Anzanga anandidutsa mmodzimmodzi, ndipo kumunsi ndinkamva injini ya galimoto ija ikubuula. Wotsogolera gulu pa chigawo chimenecho anali mwana wa alongo anga. Anatsika kuchokera kutsogolo, nayenda pambali panga.

"Azakhali, ndipatseni chikwamacho, chonde," ananong'ona.

"Ndinakubereka pamsana uno," ndinamuyankha. "Pita kwa anthu ako."

Anapemphanso, nati bondolo lingathe kufika pamwamba ngati litapepukidwa, koma ndi katunduyo silifika. Ndinadziwa kuti akunena zoona monga dokotala, ndipo zimenezo zinandiumitsa mtima koposa. Ndinakana. Ndinali wokonzeka kugwa ndi chikwama changa kusiyana ndi kuchipereka kwa mwana amene anali ndi nkhuku yanga.

Anandisiya, nakwera mapazi ochepa. Kenaka anatembenuka, anaima njo, nandiyang'ana m'maso monga anatiphunzitsira.

"Iwe, kadeti! Vula chikwama. Bweretsa kuno. Tsopano!"

Manja anga anamasula malamba mtima usanavomere. Miyezi yonse ija anali ataphunzitsidwa kumvera mawu otero. Ndinachipereka. Anachikoleka pachifuwa, chake chili kumsana, natembenuka n'kuyamba kukwera. Sajeni anaona zonse ali pamwala, ndipo sanaletse, pakuti mtsogoleri ali ndi mphamvu yogawa katundu wa gulu lake monga waonera. Ndinatsala ndi mfuti yanga, madzi anga, ndi miyendo yanga. Ndinakwera phirilo ndekha, ndikukoka mwendo, ndipo palibe dzanja la munthu limene linandigwira. Nditafika pamwamba ndinaima ndikupuma ngati ng'ombe, ndikuyang'ana kumene ndachokera.

"Iwe, ukuyang'ana chiyani? Lowa mumzere!"

Anali sajeni, ndipo ankanena ine. Ndinalowa mumzere.

Ndakhala ndikuganizira za phiri lija zaka zonsezi. Mwanayo anazindikira kuti azakhali sangalandire thandizo kwa iye, koma kadeti sangakane lamulo, ndipo anasankha woti alankhule naye. Ndinafika pamwamba chifukwa cha zimenezo, sindikana. Koma nzeru imeneyo inayenera kukhala yanga, ine wamkulu, amene ndinamuphunzitsa mwanayo kusiyanitsa iwe ndi inu asanadziwe kuvala yekha. Ngakhale pa mwambo wa kwathu anandiposa. Nsanje ya tsiku limenelo inali yaikulu kuposa ya perete ndi ya kutchalitchi.

Pa tsiku lomaliza maphunziro tinaguba lipenga likulira, bondo langa litamangidwa pansi pa thalauzi. Anatiika nyota, tinyenyezi tosonyeza udindo, pamapewa. Madokotala ankayambira pa ukaputeni, ndipo mwanayo analandira zitatu. Ife anamwino tinalandira ziwiri. Tanthauzo lake linali lakuti tikakumana titavala yunifolomu, woyamba kukweza dzanja ndi ine. Ndinamuchitira sawasha pomwepo, pamaso pa alongo anga ndi alamu anga, ndipo ndinaichita bwino, chigongono chili pamalo pake. Anabweza nkhope ili gwa.

Tsopano ndafika pa tsiku limene ndayamba nalo. Amuna a m'mudzi anavina ngoma ndi zishango zawo mpaka fumbi linakwera pamwamba pa nkhokwe, akazi akuimba nthungululu. Anatikhazika pamipando iwiri, tonse titavala yunifolomu. Amayi anatuluka m'nyumba atagwira lamba wa bambo. Ndinaona kuti chitsulo chija chada, ndipo zala zanga zinkadziwa pochiyambira. Popeza maso awo sankaona bwino, anatipapasa pamapewa, kuyambira ine, kenaka mdzukulu wawo. Amalume anaimirira nafotokoza kuti chinthu cha bambo chimakhala m'nyumba ya mwana wamwamuna, choncho lamba apita kwa mwana wa alongo anga. Mwambo umatero ndithu, ndipo sindinatsutse, ngakhale chiwongo chimene mwanayo amathokozedwa nacho ndi changa chomwe. Amayi anamumanga lambayo m'chiuno pamwamba pa wa boma. Pobwerera anagwira dzanja langa nati, "Iwe lambayu unamugwira kale, mwanawe." Nthungululu inakwera. Ndinaomba m'manja pamodzi ndi onse.

Anthu akumwa thobwa, mwanayo anasowa pampando wake. Ndinaganiza kuti wapita kukadzionetsa kwa anzake. Anatulukira kuseri kwa nyumba atavula chipewa, atakulunga nsalu pamwamba pa thalauzi, atanyamula nkhuku ndi manja awiri. Linali thadzi lofiira la alamu anga, limene ankalinyadira chifukwa choikira mazira ambiri. Anadutsa pakati pa anthu, nagwada m'fumbi patsogolo panga, nyota zitatu zili pamapewa, lamba wa bambo ali m'chiuno.

"Azakhali, ndinakulakwirani pabwalo pano, pamaso pa agogo ndi amalume. Nkhuku yanu iyi."

Alamu anga anathamangira kudzamudzutsa, ati kaputeni sagwada, ndiponso nkhuku zina zilipo. Mwanayo sanasunthe. Alongo anga anayang'ana kumbali. Ine sindinafulumire. Ndinamusiya agwade mpaka onse amene anali kumbuyo ataimirira kuti aone, mpaka amayi atafunsa chimene chikuchitika n'kuuzidwa.

"Ya iwe uti?" ndinamufunsa.

"Wa pakhomo pano," anayankha. "Wa paphiri sindilipira."

Ndinalandira nkhukuyo ndi manja awiri, ndinamuthokoza ndi chiwongo chathu, n'kumuuza kuti dzuka mwana wanga. Amalume, amene tsopano pakamwa pawo panali patatseguka, anafuna kudziwa za iwe wa paphiri, ndipo mwanayo anafotokoza mwachidule ndi moona: bondo, chikwama, lamulo. Sanawonjezere kanthu. Koma nkhani ikadutsa pa anthu amene amwa thobwa ndi zina zoposa thobwa imasintha miyendo. Dzuwa lisanalowe ndinamva alamu anga akuuza amayi a kumpingo kuti mwana wawo ananyamula azakhali ake paphiri. Chaka chisanathe, phiri linali litasanduka maphunziro onse.

Tinagwira ntchito zaka zambiri, nthawi zina m'chipatala chimodzi. Nyota zake zinasintha n'kukhala zina zazikulu. Zanga zinakwera pang'ono, ndipo ndinapuma. Kuntchito ndinkakweza dzanja ndine, ndipo sindinachedwepo. Kumudzi amagwada ndi iye, ndipo mpaka lero madzi osamba m'manja amandipatsa yekha, ngakhale ali ndi antchito. Ndikapita kunyumba kwake ndimaona lamba wa bambo atapachikidwa pakhoma, m'galasi. Chitsulo chake amachipukuta ndi mankhwala a m'sitolo, ndipo sichiwala monga chinkawalira ndi phulusa. Ndimakhala pampando wofulatira khomalo.

Mwa amene ndawatchula poyamba, amayi, amalume ndi alongo anga anapita. Alamu anga alipo, koma nkhani yawo sinasinthe, ndiponso za thadzi lija sanaiwale. Choncho ndikupempha ana anga ndi ana a alongo anga kuti zimene ndalembazi zisungidwe m'bokosi la nsalu la amayi, mmene munkakhala lamba, popeza malowo ali opanda kanthu. Wina akadzanenanso pamaliro kapena paukwati kuti azakhali anaberekedwa kumsana, mudzatulutse mapepalawa, mudzamuwerengere kuti chimene chinanyamulidwa chinali chikwama, kuti mfuti ndinafika nayo ndekha, ndi kuti nkhuku inaperekedwa pabwalo, anthu akuona. Adokotala ayambe ndi iwo kuwerenga. Ngati pali pamene ndalakwitsa, abwere adzandiuze ndikadali moyo, ndipo akudziwa kakhalidwe kake pondiuza.